Makhadi opanga pamanja: ndipitirize kugulitsa kapena ndizingopatsa anthu?

Funso lochokera kwa mphunzitsi wa ku Kawale, Lilongwe

Moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ine ndimaphunzitsa sitandade 4 pasukulu ina ya pulayimale muno mu Lilongwe, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikupanga makhadi a mafuno abwino pamanja, makamaka madzulo ndikamaliza kuchonga makope a ana. Pachiyambi sindinkaganiza za malonda ayi. Mnzanga wa kukwaya ankachita chinkhoswe, ndipo nditazungulira m'mashopu a ku Old Town osapeza khadi lokhala ndi mawu amene ndikanatha kuwanena ndi pakamwa panga, ndinakapempha tizigamba ta chitenje kwa telala wa pafupi ndi kwathu, ndinadula kamtondo ndi misi iwiri, n'kumata papepala la manila. Khadi limenelo linayenda m'manja mwa anthu ambiri tsiku la mwambowo, ndipo kuchokera pamenepo aliyense amene ali ndi ukwati, ubatizo kapena tsiku lokumbukira kubadwa amabwera kudzanena kuti, "Madamu, mutipangireko kamodzi."

Chaka chatha ndinaganiza zoyesa kugulitsa pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala. Ndinapanga makhadi 40 m'masabata atatu, ndipo pogula mapepala, guluu, maenvulopu, mikanda ndi timatumba ta pulasitiki tokutira ndinawononga K31,000. Makhadi 6 anapindika ngati tsamba louma la mango moti sindikanalimba mtima kuwaonetsa munthu, 7 anapita kwa abale amene ndinachita manyazi kuwatchulira mtengo, ndipo 27 otsalawo ndinawagulitsa pa K1,500 lililonse. Mwa amenewa, 9 anatengedwa pangongole ndi anzanga a kuntchito, ndipo kufikira lero amene analipira ndi anayi okha. M'manja mwanga munalowa K33,000, kutanthauza kuti masabata atatu ogona mochedwa anandipatsa K2,000.

Ndikupempha nzeru kwa amene munayendapo njira imeneyi. Kodi n'chiyani chimapinditsa khadi, nanga ndingachiletse bwanji? Kodi mtengo mumauika motani kuti wogula asathawe, koma inunso musagwire ntchito yathangata? Chimene chikundivuta kwambiri mumtima n'chakuti m'masabata amenewo ntchito imene ndinkaikonda inayamba kundilemera ngati kulemba masikimu, ndipo ndinayamba kudzifunsa ngati sikungakhale kwabwino kungobwerera kopanga makhadi awiri atatu pamwezi n'kumapatsa anthu ulere.

Yankho lochokera kwa mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

Aphunzitsi, mwachita bwino kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Ine ndapanga makhadi kwa zaka zoposa khumi, ndipo zonse zimene mwafotokozazi ndinazidutsa. Ndiyambe ndi kupindikako chifukwa ndiko kosavuta kukonza.

Chimene chimapinda khadi ndi madzi a mu guluu. Mukapaka guluu mbali imodzi ya pepala, mbali imeneyo imamwa madzi n'kufufuma, ndipo pouma imakhwinyata n'kukoka inzake ija. Nsalu nayo imakoka mwa njira yake. Choncho lekani kumata chitenje mwachindunji pa khadi lenilenilo. Dulani kapepala kena kolimba, kocheperako pang'ono kuposa nkhope ya khadi, matani zokongoletsa zanu zonse pamenepo, kaphimbeni ndi pulasitiki kuti kasamatirire, ndipo kasanjikizeni mabuku olemera usiku wonse. M'mawa, kakauma gwa, ndi pamene mumakamata pa khadi ndi timadontho ta guluu m'makona anayi ndi pakati. Guluu woyenera ndi woyera uja amagwiritsa ntchito akalipentala, ndipo mumupake mopyapyala ndi kabulashi kapena kachidutswa ka katoni, mudikire pang'ono kuti ayambe kunanda chala, kenaka mumate. Ambiri amaganiza kuti guluu wambiri ndiye kulimba, pamene guluu wambiriyo ndiye amatulukira pansalu n'kusiya mathothomathotho owala.

Pepala la manila ndi labwino polemba matchati a m'kalasi, koma ndi lofewa kwambiri kuti khadi liime lokha pakabati. Pepala wamba lojambulira pa fotokope ndi la 80 gsm (gsm ndi muyeso wa kulemera kwa pepala), pamene khadi limafuna lapakati pa 240 ndi 300 gsm. Musathamangire kugula paketi yonse m'shopu. Pitani kumalo kumene amasindikiza mabuku ndi makalendala, mukafunse zotsala zimene amadula akamapanga zikuto, chifukwa kwa iwo zimenezo ndi zinyalala, ndipo nthawi zambiri amakupatsani mtolo pamtengo wochepa. Pepala la A4 mukalidula pakati mumapeza awiri a A5, ndipo lililonse mukalipinda limakhala khadi la A6, la masentimita 10.5 m'lifupi ndi 14.8 m'litali, limene limalowa bwinobwino mu envulopu ya C6. Muyambe mwapeza maenvulopu musanadule pepala, popeza ine ndinapangapo makhadi makumi awiri a mbali zinayi zofanana, okongola kwambiri, n'kusowa envulopu yowakwana mu Limbe monse. Popinda, musangopinda ndi manja. Ikani rula pakati, dutsitsani bolopeni yotha inki motsindika kuti ipange kanjira, ndipo pepala lidzapindika mowongoka popanda kung'aluka msana.

Za chitenje, muzichapa kaye tizigambato, chifukwa zitenje zina zimachucha utoto zikangokhudzana ndi guluu. Kale ndinkalimbitsa nsalu ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, ndiponso ndinkamatira phala lomwelo pofuna kupulumutsa ndalama. Chaka china ndinasunga makhadi a Khirisimasi m'katoni pansi pa bedi kuyambira Okutobala, ndipo nditatsegula kumayambiriro kwa Disembala ndinapeza mphemvu zitachita phwando: nyenyezi zonse zadyedwa m'mphepete, ndipo angelo ena alibe mapiko. Kuyambira pamenepo ndimasungunula guluu woyera, gawo limodzi la guluu ku magawo atatu a madzi, ndimapaka kuseri kwa nsalu, ndimaiyanika pamthunzi, ikauma ndimaisita nditayalapo kansalu kena pamwamba. Nsalu yotere imadulika ngati pepala ndipo m'mphepete simutuluka ulusi. M'nyengo ya mvula, komanso nthawi ya chiperoni kuno kwathu, makhadi musawatsekere mu pulasitiki asanathe masiku awiri akuuma, apo ayi nkhungu idzamera m'kati momwemo.

Tsopano ku mtengo. Mwa makhadi 40 aja, abwino anali 34, choncho lililonse linadya pafupifupi K910 ya zipangizo zokha. Tiyerekeze kuti munkagwira maola awiri madzulo aliwonse kwa masiku 18. Amenewo ndi maola 36, pafupifupi ola lathunthu pa khadi limodzi. Ndikufunseni, Aphunzitsi: kholo litabwera kudzapempha kuti muziphunzitsa mwana wake padera kwa ola limodzi, mungavomere K590, imene imatsala mukachotsa K910 pa K1,500? Komatu imeneyo ndiyo ndalama imene mukanadzilipira, onse akanakhala kuti analipira. Njira zilipo ziwiri, kukweza mtengo ndi kuchepetsa nthawi, ndipo muyenera kuchita zonse. Nthawi imachepa mukasiya kupanga khadi limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tsiku lina muzingodula ndi kupinda mapepala onse, tsiku lina muzingodula mitondo makumi atatu potsata chitsanzo cha katoni, tsiku lina muzingomata. Mukatero ola lija limatsika kufika pa mphindi makumi awiri. Mikandayo ichepetseni, chifukwa imadya nthawi, imaboola envulopu, ndipo ikamatidwa ndi guluu imayoyoka. Ngati mukuifuna, isokereni ndi singano.

Powerengera mtengo muziyang'ana ndalama imene mukagulire zipangizo mawa, osati imene munagulira dzulo. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine ndinali nditagulitsa kale makhadi a Khirisimasi pamtengo wakale, ndipo mu Januwale ndalama yonseyo inalephera kubweza mapepala amene ndinagwiritsa ntchito.

Ngongole ndiye ayi. Khadi si ufa woti munthu angafe ndi njala mukamukaniza. Amene waitanitsa apereke theka pa Airtel Money kapena pa Mpamba musanagwire sizasi, ndipo theka linalo pobwera kudzatenga. Abale muwapatulire awo pasadakhale, asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo akatha mwatha.

Yankho lochokera kwa mphunzitsi wopuma pantchito, Zomba

Mwana wanga, za guluu ndi mapepala ine sindingawonjezerepo kanthu pa zimene anena mayi a ku Chilomoni. Ndikufuna ndikubwezereni ku chiganizo chimodzi chimene mwalemba nokha, chakuti m'mashopu simunapeze khadi lokhala ndi mawu amene mukanatha kuwanena ndi pakamwa panu. Malonda anu ali pamenepo, ndipo ndikuona ngati mwawadutsa osawazindikira.

Khadi loyamba la Khirisimasi logulitsidwa linatuluka ku London m'chaka cha 1843. Henry Cole, munthu wotanganidwa amene analibe nthawi yoyankha makalata onse a anzake, anapempha John Callcott Horsley kuti amujambulire chithunzi, ndipo anasindikiza makhadi 1,000 amene otsala ake ankagulitsidwa pa shileni imodzi. Chotero kuyambira pachiyambi khadi losindikiza linali la munthu wofuna kupereka moni kwa anthu ambiri mofulumira. Lero ntchito imeneyo yalandidwa ndi WhatsApp, imene imatumiza maluwa othwanima kwa anthu zana limodzi m'kamphindi. Ngati khadi lanu likupikisana ndi foni pa liwiro kapena pa kutchipa, lagonja kale. Limene lingapambane ndi lija mayi amaliika m'kabati pafupi ndi mbale za alendo, kapena kulisunga pakati pa Baibulo, n'kumalitulutsa pakabwera mlendo kuti, "Taonani zimene ananditumizira mwana wanga."

Khadi lotere limafuna mawu a Chichewa chenicheni. Ndaonapo makhadi amene olemba anangotenga moni wa Chingerezi n'kuusandutsa liwu ndi liwu, ndipo zotuluka zake palibe munthu anazinenapo kwa mayi ake chibadwire. Dzifunseni chimene mwana wamkulu amanena akagwada pamaso pa mayi ake atawabweretsera chitenje ndi shuga. Amanena kuti, "Amayi, zikomo potilera," kapena, "Munavutika nafe, Mulungu akusungeni." Mawu ochepa otere ndi okwanira. Samalani ulemu: kwa mayi, kwa apongozi, kwa abusa ndi "inu" nthawi zonse, ndipo khadi la "iwe" likhale la mwana kapena la bwenzi lapamtima. Samalaninso miyambi, chifukwa si mwambi uliwonse wotchula mayi umene uli woyenera pa Tsiku la Anakubala. Mdzukulu wanga wina anabwera ndi khadi la agogo ake aakazi lolembedwa kuti "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," ndipo mayi a kunyumba kwanga anakhala sabata yathunthu akufunsa kuti mwendo wawo wachepa pati.

Monga mphunzitsi, kalembedwe kanu kadzaweruzidwa mopanda chifundo. Mukakayika liwu, yang'anani mu mtanthauziramawu, ndipo a Centre for Language Studies kuno ku Zomba anatulutsa wa Chichewa chokhachokha. Mukafuna kulemba vesi, funsani wogula Baibulo limene amawerenga, chifukwa achikulire ambiri analoweza mawu a Buku Lopatulika la 1922, pamene ena anazolowera Buku Loyera la 1998, ndipo vesilo mulikopere mukuyang'ana m'buku, osati kuchokera m'mutu. Mukumbukirenso kuti si onse ogula amene ndi Akhristu. Kuno ku Zomba, ku Machinga ndi ku Mangochi khadi la Eid lingayende ndithu. Wina akafuna la Chiyao kapena la Chitumbuka, mwini chiyankhulo aliwerenge kaye musanalembe ndi inki. Ine ndingakulangizeni kuti mawu muziwalemba pa kapepala kapadera kolowetsa m'kati, kuti mukalakwitsa chilembo mutaye kapepalako osati khadi lonse.

Nyengo ziwiri simunazitchule. Yoyamba ndi ya mayeso. Pamene ndinkaphunzitsa pasukulu yogonera komweko, mayeso a MSCE akamayandikira thumba la makalata linkatupa ndi makhadi ofunira ana mafuno abwino, ndipo mayina ankaitanidwa m'holo yodyera. Ndimakumbukirabe nkhope za ana amene dzina lawo silinamveke. Makolo a ana a sitandade 8 ndi a folomu 4 mumakumana nawo tsiku ndi tsiku, ndipo khadi lolembedwa dzina la mwana wawo sangalipeze m'shopu iliyonse. Yachiwiri ndi ya maliro ndi maukwati, kumene anthu a kuntchito kapena a kumpingo amasonkha ndalama n'kuzipereka mu envulopu yakhaki yolembedwa ndi bolopeni. Khadi lodekha, lopanda mikanda, lokhala ndi kathumba m'kati koikamo chipepeso ndi malo olembapo mayina a osonkha, lingalemekeze mwambo umenewo kwambiri.

Pa funso lanu lomaliza, ine sindikuona chifukwa chosankhira chimodzi n'kutaya chinzake. Chimene chinakulemetsani si kugulitsa ayi, koma kupanga mtondo womwewo kamakumi anayi nthawi ikukuthamangitsani. Dziikireni malire a makhadi amene mungalandire pamwezi, ndipo musiye tsiku limodzi pasabata loti muzipanga chimene palibe munthu waitanitsa.

Yankho lochokera kwa wogulitsa ziboliboli ku Chembe, Mangochi

Madamu, ndikupempha akuluakulu amene ayankha kale andikhululukire, chifukwa ine ndisiyana nawo pang'ono. Zimene anena bambo a ku Zomba ndi zokoma kumva, koma ife amene timakhala pamsika tsiku lonse timadziwa kuti Mmalawi akakhala ndi K3,000 m'thumba pa Tsiku la Anakubala amaganiza za shuga, sopo kapena kuwonjezera pa chitenje, ndipo khadi limabwera pamapeto penipeni. Anzanu a kuntchito amene sanalipire aja sikuti ndi anthu oipa, koma mumtima mwawo khadi si chinthu chogula. Nyengo za kwathu kuno ndi zowerengeka: Valentine mu Febuluwale, mayeso, Anakubala, Khirisimasi. Miyezi ina yotsalayo mudzagulitsa kwa yani?

Ine pambali pa ziboliboli ndimagulitsa makhadi amene amapanga mlongo wanga, ndipo amene amagula ndi alendo ochokera kunja. Mlendo amaopa kugula mpando wosema kapena mvuu yaikulu chifukwa cha kulemera kwa katundu m'ndege, koma makhadi amatenga khumi nthawi imodzi popeza amalowa m'kachikwama ka m'manja. Timawamanga asanu asanu ndi luzi, ndipo mtolo umayenda msanga kuposa khadi limodzi limodzi. Alendo amachuluka m'nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu Meyi mpaka Okutobala, ndipo ambiri amagula makhadi a Khirisimasi mu Ogasiti momwe. Iwowa safuna mawu m'kati, amafuna mopanda kanthu kuti akalembe okha m'chiyankhulo chawo. Chimene amafuna ndi chithunzi cha zimene aona pamsewu: njinga yosenza matumba a makala, mayi wobereka mwana atasenza ndowa, bwato ndi nyali zake, mlambe, nkhwazi, ndi tinsomba ta mbuna ta mitundumitundu. Mitima yofiira ndi maluwa a rozi ali nazo kwawo. Kumbuyo kwa khadi lembani kuti lapangidwa pamanja ku Malawi, ndi dzina lanu, chifukwa kachizindikiro kameneko ndi theka la mtengo. Musamatepo njere, nthenga kapena masamba osakonzedwa, popeza mayiko ngati Australia ndi New Zealand amakhwimitsa kwambiri malamulo olowetsa zomera ndi za nyama, ndipo mlendo wochenjera amangolibweza pathebulo. Zidole za m'makatuni a pa TV nazonso zisiyeni, zili ndi eni ake.

Mukafuna kuona kumene luso limeneli lingafike, mukapita ku Blantyre mukafunse za PAMET, bungwe limene lakhala likupanga mapepala pamanja kuchokera ku mapepala otha ntchito, makungwa a nthochi ngakhale ndowe za njovu. Mlongo wanga amapanga ake pakhomo. Amang'amba mapepala akale, amawaviika m'madzi usiku wonse, amawasinja mumtondo mpaka akhale ngati phala, amathira phalalo m'beseni la madzi ambiri, kenaka amavuula ndi kafelemu kokhomedwa sefa, n'kukhuthulira pansalu, kufinya ndi thabwa ndi kuyanika pamthunzi. Inu kusukulu muli ndi mapepala otha ntchito ochuluka, kungoti musankhe opanda mayina ndi malikisi a ana. Pepala lotere limamwa inki, choncho ndi loyenera pankhope ya khadi, osati polembapo uthenga.

Chenjezo langa lili pa kusiya katundu m'mashopu ndi m'malo ogona alendo kuti adzakulipireni akagulitsa. Njirayi ndi yabwino kwa munthu wa pantchito ngati inu, chifukwa simungakhale pamsika, koma eni malo amatengapo gawo lawo, ndipo mtengo wanu uyenera kukhala ndi malo a gawo limenelo kuyambira pachiyambi. Ife tinasiyapo makhadi makumi atatu pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja muno popanda kulemberana. Patapita miyezi itatu tinapeza woyang'anira wasintha, watsopanoyo akuti sakudziwapo kanthu, ndipo makhadi khumi ndi awiri amene anatsala anali pawindo, dzuwa litawasulutsa mpaka chitenje chofiira chasanduka chotuwa. Tsopano timayenda ndi kope: tsiku, chiwerengero, mtengo, siginecha ya wolandira, ndipo timasiya khumi okha, n'kubwerako mwezi ukatha. Kwanu ku Lilongwe yambani mwayendera msika wa ziboliboli wa pafupi ndi positi ofesi ku Old Town, muone zimene anzanu akugulitsa ndi mitengo yawo, musanapite kukagogoda m'mashopu.

Yankho lochokera kwa namwino wa ku Manchester

Achemwali, ine sindipanga makhadi, ndine wogula, ndipo ndikufuna mudziwe kuti ogula ena tili kutali kuno. Ku Britain tsiku la amayi limakhala Lamulungu lachinayi la nyengo ya Lenti, nthawi zambiri mu Malichi, ndipo ku South Africa limakhala Lamulungu lachiwiri la Meyi. Ikafika Okutobala, pamene amayi athu ku Malawi akuyembekezera kukumbukiridwa, m'mashopu a kuno mumakhala mutadzaza za Halloween ndi za Khirisimasi, ndipo khadi la amayi simungalipeze. Ngakhale mutalisunga kuyambira Malichi, ndi la Chingerezi, ndipo mayi anga amachita kuitana mdzukulu kuti awawerengere.

Chaka chilichonse ndimatumiza ndalama pafoni, ndipo amayi amathokoza, koma ndalama imalowa m'thumba la feteleza n'kuiwalika. Chimene ndingalipire mosanyinyirika ndi ichi: ndikutumizireni mawu anga pa WhatsApp, inu muwalembe ndi dzanja lanu labwino la uphunzitsi m'khadi la chitenje, mukalipereke kwa amayi kapena mulitumize pa basi kwa mlongo wanga, ndipo munditumizire chithunzi likafika. Malipiro si vuto, popeza Mukuru ndi WorldRemit amafikitsa ndalama pafoni yanu. Pamtengo muwerengere ndi ulendo womwe, ndipo munene tsiku lomaliza kulandira maoda, chifukwa ife a kunja tili ndi chizolowezi chokumbukira pa 14 Okutobala usiku. Chimene chingakupatseni makasitomala kuno si kutsatsa kwambiri ayi, koma kuti khadi loyamba lifike pa tsiku lake. M'magulu athu a Amalawi nkhani yotere imafala yokha.

Mphunzitsi wa ku Kawale wayankhanso

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndinkayembekezera. Amayi a ku Chilomoni, Loweruka ndinapita kumalo ena osindikizira ndipo anandipatsa mtolo wa zotsala zolimba pamtengo wochepa kuposa umene ndinkagulira manila. Ndayesa kumata pa kapepala kapadera n'kusanjikiza mabuku a ana usiku wonse, ndipo makhadi anayi onse atuluka owongoka. Bambo a ku Zomba, nkhani ya mwendo ija ndinawawerengera aphunzitsi anzanga nthawi yopuma, ndipo mmodzi mwa angongole anga anaseka mpaka anatulutsa K1,500 yanga pomwepo. Achimwene a ku Chembe, msika wa alendo ndauona kuti ndi weniweni, koma pakadali pano sindingathe kuyenda m'malo ogona alendo mwezi ndi mwezi, choncho ndiyamba ndi makhadi a mayeso ndi a chipepeso, osapitirira makumi awiri pamwezi, kenaka mu Seputembala ndidzatsegula maoda a abale athu a kunja monga anenera achemwali a ku Manchester.

Ndatsala ndi kafunso kamodzi. Telala amene amandipatsa tizigamba wakhala akundipatsa ulere chifukwa ankadziwa kuti ndi zosewera. Tsopano popeza ndikugulitsa, kodi ndiyambe kumulipira, kapena ndikatero ndidzakhala ndadzikwezera ndekha mtengo wa chinthu chimene iye amataya?

Mayi wa ku Chilomoni ayankhanso

Muuzeni zoona, Aphunzitsi, asadzamve kwa ena kuti zigamba zake zikugulitsidwa. Telala wanga ndinamuuza chaka choyamba, ndipo anakana ndalama, koma tinagwirizana kuti ndizimupangira timakhadi ting'onoting'ono tolembedwa dzina la shopu yake tomangirira pa zovala zimene wasoka, ndiponso pa Khirisimasi ndimamupatsa makhadi asanu oti apatse makasitomala ake akuluakulu. Kuyambira pamenepo sasesanso zigamba pamodzi ndi fumbi, amazisankha yekha n'kuziika m'jumbo, zamaluwa ang'onoang'ono pazokha, chifukwa anazindikira kuti maluwa akuluakulu saoneka kanthu akadulidwa kukhala kamtondo. Chimodzi chokha mumupemphe: asakupatseni zotsala za nsalu ya yunifolomu ya ukwati umene sunachitike, kapena za nsalu za zipani. Ine ndinagulitsapo khadi la ubatizo limene diresi la mayi wojambulidwapo linali ndi kachidutswa ka chizindikiro cha chipani, ndipo linabwezedwa tsiku lomwelo ndi agogo a mwanayo.